Mutu 7: Fulawilo Yokana Kulowa

1. Makina obwereka

Kwathu kuno ku Flanders mwana akagwa pa njinga, anthu amayamba afunsa za njingayo. Za mwana amafunsa pambuyo, akakumbukira. Febe atagwa pa msewu wa miyala wa kuseri kwa tchalitchi, woyamba kufika anali mchimwene wake Joppe, ndipo mawu ake oyamba anali akuti, "Usadandaule, felemu ili bwinobwino." Apo n'kuti Febe ali chigonere m'matope, fupa la paphewa litathyoka.

Zimenezo zinachitika mu Okutobala. Pofika Disembala fupa linali litagwirana, koma adokotala anakanitsitsa za msewu.

"Chaka chithe kaye," anatero. "Ukagweranso phewa lomweli tidzakuika zitsulo. M'nyumba palasa mmene ungathere, koma panja ayi."

Tsoka ilo, timu sidikira fupa la munthu. A Herwig, kochi wa atsikana ku kilabu ya njinga ya m'tauni mwathu, anali atalengeza kuti Loweruka, 3 koloko masana, kudzakhala mpikisano wosankha timu. Popeza misewu inali yoterera ndi chisanu, mtsikana aliyense adzapalasa ali kwawo, pa makina opalasira m'nyumba olumikizidwa pa intaneti. Malo anali anayi okha. Wotsala adzathera chaka chamawa chonse m'mbali mwa msewu, akuombera anzake m'manja.

Febe anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ntchito yoombera anzake m'manja sankaifuna ngakhale pang'ono. Miyezi iwiri yonseyi ankakwera ndi kutsika masitepe a m'nyumba mpaka amayi ake kudandaula kuti awathera kapeti. Miyendo inalipo. Makina ndi amene analibe.

Anamuthandiza ndi a Remi, neba wawo wogwira ntchito ku positi. Loweruka m'mawa anafika akukankha wilibala, makina ali momwemo atafunditsidwa bulangeti ngati khanda. Anawatsitsa m'galaja mosamala, nam'patsa Febe kathumba ka tizitsulo tosiyanasiyana.

"Mwana wanga," anatero a Remi, "bondo langa linachirira pa makina awa. Galimoto ndikhoza kukubwereka osaganiza kawiri, koma awa ndagona nawo maganizo. Undisamalire."

"Abwerera mmene abwerera muno, bambo Remi," anayankha Febe. "Ndikulonjeza."

2. Kuwerenga mbale

Ena amaganiza kuti makina otere umangoikapo njinga n'kuyamba kupalasa. Ayi ndithu. Umachotsa wilo la kumbuyo, n'kukhazika felemu pa makinawo, tcheni n'kuchikoleka pa fulawilo ya makina, mulu uja wa mbale za mano zimene tcheni chimayendapo. Ukamapalasa, makina amayeza mphamvu ya miyendo yako n'kutumiza ku kompyuta. Pa sikirini pakaoneka phiri, mapedulo amalemera ngati phirilo ndi lenileni. Koma zonsezi zimatheka pokhapokha njinga ndi makina zikagwirizana.

Makolo awo anali ku ntchito ku bekale, choncho m'galaja munali Febe ndi Joppe. Joppe anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mipikisano anasiya kalekale, koma pakamwa sanasiye.

"Sunthako, kamwana," anatero akupinda malaya. "Izi ndi za akuluakulu."

"Akuluakulu ake ati, achimwene? Inu amene munasiya mpikisano chifukwa cha chimfine?"

"Chinali chibayo!"

"Amayi amati chinali chimfine."

Choyamba chinali ekiselo, chitsulo chimene wilo limazungulirapo. Njinga ya Febe inali ya ekiselo yonenepa yopotera m'felemu, pomwe makina anali atamangidwira kandodo kopyapyala ka chitsekero. M'kathumba ka a Remi anapeza tizotsekera ta m'mbali toyenera ekiselo yonenepa. Anasintha, felemu inakhala bwino, ndipo Joppe anadzitukumula ngati makinawo wawapanga ndi iye.

Febe anakwera n'kuponda mapedulo. Nthawi yomweyo tcheni chinayamba kulira, kha-kha-kha, chikudumpha kuchoka pa mbale ina kupita pa ina. Anasintha giya, phokoso linakula. Anatsika, nagwada, n'kuyamba kuwerenga ndi chala mbale za mano za pa fulawilo.

"Apa pali khumi ndi imodzi," anatero. Anatenga wilo lake n'kuwerenganso. "Yanga ili ndi khumi ndi ziwiri."

"Ndiye ukulirira giya imodzi?"

"Si giya imodzi, achimwene. Mbale zikachuluka zimathithikana, zikachepa zimatalikirana. Chosinthira magiya changa chikuponya tcheni pamalo pomwe palibe mbale."

"Basi, tisamutse fulawilo yakoyo tiike pa makina. Nkhani yatha."

Apa Joppe ananena zanzeru, tisamunamizire. Anatenga zida za bambo awo, namasula mafulawilo onse awiri. Pa makina panatsala mutu wa habu, chitsulo chozungulira cha mizere yotukuka, pomwe fulawilo imalowa ndi timipata take. Febe anatenga mbale zake n'kuyesa kulowetsa. Zinakana. Anazungulitsa pang'ono, nayesanso. Zinakananso. Anayang'anitsitsa ndi tochi ya pa foni, naona pomwe panali vuto.

Magiya a njinga yake anali opangidwa ku Italy. Mutu wa pa makina unali wa mtundu wa ku Japan. Mizere yake inali yosiyana kukula ndi kuzama komwe.

Anaimba foni ku shopu ya njinga. Mayi wa kumeneko anamumvetsera mwachifundo. Mutu woyenera ulipo, anatero, koma ayenera kuitanitsa, ndipo ufika sabata yamawa. Pomwe Febe amadula foni, belu la tchalitchi linali likuimba 12 koloko masana.

3. Hamala

Joppe anapita pa shelefu nabwerako ndi tupa m'dzanja lina, hamala m'dzanja lina.

"Tipala pang'ono mizere iyi, kenako tigogoda. Ilowa. Chitsulo sichiposa munthu."

"Makina ndi a eni ake."

"Akaona bwanji? Tikabwezera fulawilo yawo pamwamba, zonse zibisika. Tamvera, Febe. Ukufuna timu kapena sukufuna? Flandrien weniweni safunsa chitsulo ngati chikufuna kulowa."

Mnyamatayu ankadziwa pokanda. Kwathu kuno palibe dzina loposa limeneli. Flandrien ndi wopalasa amene mvula, matope ndi mphepo sizimubweza, amene amaluma mano n'kumapitabe. Munthu akakutchula choncho kumaliro ako, ndiye kuti unakhala bwino. Febe ankalifuna dzinali kuyambira ali kamwana.

Anayang'ana foni kuti aone nthawi. Kenako anagwada, nagwira fulawilo ndi manja awiri pamutu wa habu. Joppe anakweza hamala.

"Iwe! Tsitsa chimenecho!"

Pakhomo la galaja panali pataima azakhali awo a Godelieve, mlongo wa bambo awo, atanyamula chitumbuwa cha mpunga monga amachitira Loweruka lililonse. Anali mayi wa imvi, wamfupi, wa mawu omveka mpaka ku bwalo la msika. Pa utsikana wawo ankapikisana pa njinga, nthawi imene amuna ankaima m'mbali mwa msewu kudikira kuti aseke akazi.

Febe anafotokoza mwachangu. Azakhali anaika chitumbuwa pa makina ochapira, nakhala pa kabokosi ka zida.

"Mundimvere nonse awiri, ndipo wina asandidule. Ndinali ndi mnzanga dzina lake Magda. Anali wamphamvu kuposa ine, ndipo zimenezi sindinena kawirikawiri. Tsiku lina m'mawa wa mpikisano anabwereka mahandulo kwa mlamu wake. Anali onenepa pang'ono, pang'ono zedi, mwina ngati chikhadabo. Anakana kulowa pa khosi la njinga. Mlamu uja anati, gogoda. Anagogoda, analowa, onse anaseka. Theka la mpikisano linayenda bwino. Potsika phiri la miyala, ine ndili pambuyo pake, ndinangomva thwa! Mahandulo anali m'manja mwake, njinga ikupita kwina. Magda lero amadya supu yokha, ndipo akamaseka amaphimba pakamwa. Chitsulo ukachikakamiza sichikuyankha tsiku lomwelo. Chimadikira tsiku limene wachidalira ndi moyo wako wonse."

"Koma azakhali, awa ndi makina a m'nyumba, palibe phiri," anatero Joppe.

"Ndati asandidule munthu! Iwe phiri ukulidziwa? Tsiku lina Remi adzaimirira pa mapedulo ndi bondo lake losokedwa lija, mizere imene mwapalayo idzalekerera, ndipo adzagwa pa simenti osadziwa chomwe chamugwetsa. Inu mudzakhala muli kuno mukudya chitumbuwa changa. Ndiponso dzina limene ndakumva ukulitchula ndili panja, usadzalitchulenso hamala ili m'manja. Ndawaona a flandrien enieni ndi maso angawa. Ululu ankaunyamula m'miyendo mwawo, m'mapapo mwawo, pa nsana pawo. Sankausenzetsa katundu wa mnzawo. Pa njinga anali zilombo, koma akagwira sipanala manja awo ankafewa ngati a namwino. Wogogoda chinthu chobwereka n'kubisa chilonda chake si flandrien. Ndi wakuba amene sanatuluke ndi kanthu."

Anapuma, nayang'ana Febe.

"Ine ndatha. Hamala ili m'manja mwa mchimwene wakoyo, koma amene analonjeza Remi ndiwe. Sindikugwira dzanja."

Febe anachotsa manja pa fulawilo. Anaimirira, natenga hamala ndi tupa kwa Joppe, n'kukazibwezera pa shelefu. Ankadziwa kuti mwina akubwezera timu yomwe pa shelefupo.

"Wazitaya wekha," anatero Joppe.

"Sindinataye kanthu. Nthawi ikadalipo."

4. Pempho

"Wachita bwino," anatero azakhali akuimirira. "Tsopano bwezera Remi choseweretsa chakechi. Chaka china chiliko. Ndiponso kunena zoona, kupalasa koyang'ana khoma si kupalasa. Mpikisano wopanda mphepo, wopanda matope, munthu atavala kabudula pafupi ndi makina ochapira? Ife tikanachita manyazi."

"Azakhali, ndibwerekeni njinga yanu."

Azakhali anaima chilili. Njinga imeneyo aliyense m'banjamo ankaidziwa. Inali yachikasu, yomaliza imene anapikisanapo asanapume, ndipo inkakhala pakhoma la pabalaza pawo, pamwamba pa sofa. Ankaipukuta Lamulungu lililonse. Joppe anayesapo kuigwira ali mwana, ndipo khutu lake likukumbukabe.

"Wati chiyani?"

"Magiya ake ndi a ku Japan. Ndinaonapo dzina pa chosinthira. Fulawilo yake ikhoza kulowa apa popanda kugogoda."

"Njinga yanga inadutsa m'matope a dziko lino lonse. Ndiye ndiimangirire m'galaja ngati mbuzi, kuti izithamanga osapita kulikonse? Iyayi, mwanawe. Pempha china."

Febe sanatsitse maso.

"Mwandiletsa hamala, ndamvera, chifukwa munanena zoona. Koma apa simukunena zoona, azakhali. Adokotala anditsekera msewu. Ine sindinasankhe khoma ili. Mwanena nokha kuti flandrien amanyamula ululu m'miyendo mwake. Miyendo ndi iyi, ndabwera nayo. Inu amuna ankakusekani pa msewu, simunatsike. Ine mundiseke m'galaja, sinditsikanso. Mukakana ndigogoda khomo lililonse mumsewu uno mpaka ndipeze njinga yolowa. Koma ndayamba ndi inu chifukwa ndinu azakhali anga."

Azakhali anatembenukira kwa Joppe ngati wolakwa ndi iye.

"Iwe waimiranji ngati mtengo wa magetsi? Tenga kiyi uyu. Uinyamule, usaikwere. Ikabwera ndi kachilonda ngakhale kamodzi, usamuke m'tauni muno."

Joppe anathamanga. Sindinamuonepo akuthamanga choncho ngakhale nthawi imene ankapikisana.

5. Kamphete

Njinga yachikasu inafika nthawi itapita ndithu. Ulendo uno Febe sanalole kuti chinthu chimangidwe asanachione. Anayamba ndi ekiselo. Njinga ya azakhali inali ya kandodo kopyapyala, choncho anachotsa tizotsekera timene anaika m'mawa n'kubwezera takale. Kenako anawerenga mbale. Zinali khumi.

"Ya a Remi ili ndi khumi ndi imodzi, siigwirizananso," anatero. "Tichotse ya azakhali pa wilo, tiike pa makina."

Azakhali anamasula okha, osalola wina kukhudza. Febe analunjikitsa timipata pa mizere, ndipo mbale zinatsetsereka kulowa mosavuta, imodzi pambuyo pa inzake. Joppe anamanga chotsekera. Febe anagwira fulawilo n'kuigwedeza. Inkasewera, teketeke, kupita uku ndi uku.

"Ndimangitse kwambiri," anatero Joppe, akukoka sipanala.

"Achimwene, kodi inu mankhwala anu ndi amodzi pa matenda onse? Chotsekera chafika kale pamapeto. Masulani."

Anayang'ana bwinobwino. Mutu wa habu unapangidwira mbale khumi ndi imodzi, ndiye unali wautali pang'ono kuposa fulawilo ya mbale khumi. Kumbuyo kunkatsala kampata. Azakhali anapukusa mutu, nati zimenezi m'nthawi yawo kunalibe. Febe anakhuthulira pansi kathumba ka a Remi n'kuyamba kusanthula ndi chala. Pakati pa tizitsulo panali kamphete kopyapyala, kooneka ngati kopanda ntchito. Anakalowetsa koyamba, mbale pambuyo. Joppe anamanga. Febe anagwedezanso, ndipo fulawilo inali nji.

Anatsitsa chishalo, nakwera. Tcheni chinayenda mwakachetechete. Anasintha magiya onse kukwera ndi kutsika, osamva kudumpha kulikonse. Azakhali anatsokomola n'kuyang'ana kumbali.

Joppe anayatsa kompyuta pa tebulo lositirapo zovala n'kuilumikiza ndi makina. Pa sikirini atsikana ena anali atandanda kale poyambira, aliyense kachithunzi kake pa kanjinga. Pomwepo kompyuta inalemba kuti makina ayenera kuyezedwa kaye, popeza asamutsidwa, kuti manambala ake akhale oona.

"Dumpha zimenezo!" anakuwa Joppe. "Akunyamuka! Mwinanso osayeza akupatsa mphamvu zaulere."

"Zaulere sindikuzifuna."

Kuyezako kumafuna kuti upalase mpaka liwiro likwere, kenako usiye mapedulo, makina azungulire okha mpaka ataima. Febe anapalasa, nasiya. Chitsulo cha m'kati chinkazungulira pang'onopang'ono ngati chilibe kopita. Belu la tchalitchi linaimba katatu. Pa sikirini anzake ananyamuka onse, n'kuzimiririka pa kona yoyamba. Febe anadikira, manja pa mahandulo. Makina ataima, kompyuta inavomera, ndipo iye analowa mu mpikisano ali yekhayekha kumbuyo.

6. Kuthamangitsa

Wonyamuka mochedwa alibe womutchingira mphepo, ngakhale mphepo ya m'kompyuta. Febe anaweramira pa mahandulo n'kuyamba ntchito. Posakhalitsa thukuta linayamba kudontha pa felemu yachikasu. Azakhali anavula sikafu yawo n'kuyala pamenepo, kenako anabwerera pa kabokosi kawo n'kupinda manja ngati munthu amene akudikira basi.

Anapeza mtsikana woyamba msewu usanayambe kukwera. Anamudutsa. Wachiwiri ndi wachitatu anali limodzi, ndipo anawadutsa pa mlatho. Phiri litayamba, makina analemera, phewa linayamba kulasa, ndipo Febe analuma mano.

"Kodi kofiirako ndi ndani?" anafunsa azakhali, atasendera pafupi ndi sikirini.

"Ndi Ilke," anayankha Joppe. "Ali pa nambala folo. Febe ali pa seveni."

"Nanga akudikira chiyani? Iwe Febe! Giya imeneyo ndi ya agogo opita ku msika! Onjeza!"

Mayi amene ankati kupalasa koyang'ana khoma si kupalasa anatola sipanala n'kuyamba kumenya chitini cha penti. Ankakuwa ngati ali pa phiri la miyala tsiku la mpikisano waukulu, mpaka galu wa a Remi anayamba kuuwa kuseri kwa mpanda. Joppe ankakupiza mchemwali wake ndi chikatoni, mawu atamuthera.

Febe anadutsa wachisanu ndi chimodzi pamwamba pa phiri. Wachisanu anamudutsa potsika. Kutsogolo kunatsala kofiira kaja, kakukula pang'onopang'ono. Mzere womalizira utaoneka, Febe anaimirira pa mapedulo, phewa likuyaka moto, ndipo anaponda ndi zonse zimene zinatsala m'thupi mwake.

Sizinakwane. Ilke anadutsa mzere, Febe pambuyo pake penipeni. Pa sikirini panalembedwa nambala faifi.

Anagwetsa mutu pa mahandulo, akupuma ngati mvukuto. Zinamuwawa kwambiri, ndipo analira osabisa. Joppe anatsegula pakamwa kuti anene za kuyeza kuja, koma azakhali anamuyang'ana kamodzi, iye n'kutseka.

"Imwa madzi," anatero azakhali, akumusisita pa nsana ndi dzanja lawo lolimba. "Ndakuona. Palibe chimene wasiya m'miyendomo."

7. Foni ya a Herwig

Febe asanatsike pa njinga, foni inalira. Anali a kochi. Anaika pa sipika.

"Febe, unachedwa kunyamuka. Chinachitika n'chiyani?"

"Njinga yanga sinagwirizane ndi makina, kochi. Ndinasintha njinga, kenako ndinayeza makina. Kulakwa ndi kwanga. Ndikanayenera kuona zonsezi masiku apitawo."

"Ukanayenera, inde. Tsopano tamvera. Atatu oyamba alowa, palibe nkhani. Malo achinayi ndi amene andivuta. Pa mzere Ilke wakutsogolera. Koma ndikawerenga kuchokera pomwe aliyense ananyamukira, iwe wathamanga kuposa iye, ndipo manambala a mphamvu ako ndi okwera kuposa a wina aliyense lero."

Joppe analumpha, nagunda mutu pa shelefu.

"Usasangalale msanga," anapitiriza a Herwig. "Bambo ake a Ilke andiimbira kale. Akuti mwana wothyoka phewa, amene sanakwere njinga miyezi iwiri, sangatulutse manambala amenewa. Akuti makina ako amanama, ndipo ukudziwa kuti amanama."

Azakhali anatambasula dzanja kuti alande foni, nkhope itafiira. Febe anaibweza kumbali.

"Inu mukuti bwanji, kochi?"

"Ine sindinali m'galaja mwako. Lachitatu madzulo mubwere nonse awiri ku kilabu. Makina amodzi, anga, mtunda womwewu, wina pambuyo pa mnzake, ine ndikuona. Wopambana atenga malo. Koma ndikuchenjeze, mwana wanga. Manambala ako akadzatsika kwambiri, anthu sadzanena kuti unatopa. Adzanena kuti unaba, ndipo dzina limenelo m'tauni yaing'ono ngati ino silichoka msanga. Ukafuna, ukhoza kuvomera nambala faifi lero, nkhani n'kuthera pomwepa. Palibe adzakunene."

Chiyambire kupikisana ali ana, Febe anali asanamuposepo Ilke maso ndi maso. Joppe ankadziwa zimenezi, azakhali ankadziwanso, ndipo onse awiri anamuyang'ana.

Febe anapukuta nkhope ndi mkono, nakhala tsonga pa chishalo.

"Kochi, Lachitatu ndibwera. Muwauze bambo ake a Ilke abwere ndi mpando, adzakhale kutsogolo penipeni, pomwe manambala amaoneka bwino."